Nyanja ya mu Mgolo

Kuno ku Luwinga nyanja yathu ndi mgolo
wodulidwa kukamwa, wodzaza madzi a padenga.
M'menemo ndimamizamo mwendo wa injini iliyonse
yokwera mapiri kuchokera ku Usisya kapena ku Chintheche
itakulungidwa m'matumba a feteleza ngati wodwala wa pamachira.

Lachiwiri, kukuwaza kamvula kathu kosatha kaja,
anafika a Nyamzumara ndi yawo.
Anyamata awiri anaitsitsa pa lole akudandaula misana.
Mayiwo anakana mpando.
Anati: pagombe imalira bwinobwino,
koma mukafika pakati, mapiri akayamba kuchepa,
imatsokomola, kuwefuka, kenako zii.
Mwana wanga Vitumbiko wagona pamadzi masiku awiri,
mwera ukumukankhira kumpoto,
akufinya kampira ka mafuta mpaka dzanja matuza okhaokha.
Onse akuti pampu yafa.
Ndagulitsa mbuzi zitatu. Nazi.

Ndalama zinali mu mpango, mfundo ziwiri.
Ine lendi ya shedi ndinali nditadumpha miyezi iwiri,
ndipo pashelefu panali pampu yatsopano ya ku Kyela,
ikadali m'pulasitiki, ikundiyang'ana.

Ndinalumikiza batire. Ndinauza Gomezgani azimitse wailesi.
Pampu yamagetsi siinama ukaitchera khutu:
ukapotoza kiyi pang'ono, injini isanadzuke,
imaimba ngati udzudzu, kupuma kuwiri kokha.
Iyi inaimba.
Mawu osasa, a munthu womeza mate pa ludzu,
koma inaimba.

Ndiye ndinatsata njira ya mafuta chobwerera
monga ulondolera nyerere kuti upeze una.
M'sefa munali dzimbiri, pansi pake madzi,
mphatso ya petulo wa m'zigubu, wogula usiku
mizere ya pafiling'i ikawatopetsa anthu.
Paipi inali yosalala poiona,
koma nditaipinda pafupi ndi chomangira
kanayasama kakamwa kochepa ngati mphini.
Apa ndi pomwe imayamwira mphepo.
Pampu imakoka ndi mtima wake wonse, ikumwa mpweya,
mudzi wonse n'kumaiimba mlandu wa ulesi.

Ndinaima, paipi ili m'manja.
Gomezgani anayang'ana pashelefu, n'kuyang'ana ine.
Ankadziwa kuti mwini shedi abwera Lachisanu.
Sindinganame kuti sindinawerengere.
Ndinawerengera, kawiri konse.

Kenako mpeni.
Ndinadula paipi zala zitatu, kutsuka sefa,
kupala mitu ya mawaya yomwe inamera ndere,
kumanga.
Injini inadzuka mokalipa,
mgolo unawira, thovu kulumphira pa nsapato za a Nyamzumara,
utsi kulowa mpaka kwa anzathu owotcherera zitseko.
Ndinaisiya ilire mpaka tiyi wanga atazizira,
ndikudikira chitsokomolo chija.
Sichinabwere.

Nditatchula mtengo anandiyang'ana ngati ndawanyoza.
Anamasula mfundo imodzi yokha,
ndipo ngakhale m'menemo zambiri zinatsala.
Mbuzi sizibwerera, anatero,
koma ukonde wang'ambika kale, ndipita ku Taifa.
Anati ndidzatsike ku Usisya, Vitumbiko adzandiyendetse.
Ndinavomera mwaulemu.
Sindinawauze kuti zaka makumi awiri ndikuchiza injini za maboti
phazi langa silinapondemo m'boti,
madzi opitirira m'chiuno ndimawaopa.

Lachisanu mwini shedi analandira theka, ndi nkhani yaitali.
Anachoka akumenyetsa chitseko cha malata.
Pampu ya ku Kyela ikadali pomwe paja, yachita fumbi.
Masiku ano udzudzu ukandiimbira pakhutu usiku,
chifunga chitatseka zenera,
ndimachedwa kuuomba.
Ndimayamba ndamvetsera kaye
ngati ukukoka bwino.